Funsani Mlangizi: Kapuchi akugoneranji m'phesi louma?

FUNSO: Mu Seputembala ndinkakonza mpanda wa bafa ndi mapesi a chimanga chomwe tidakolola mu Meyi. Phesi lina litathyoka ndidapezamo mbozi yoyera, ili phee, koma nditaikhudza idagwedezeka. Mwana wanga wa Fomu 3 akuti tizilombo timagona usana ukafupika komanso kukazizira. Nanga kuno komwe timatuluka thukuta ndi usiku womwe, ikugoneranji? — Mayi wa ku Khombedza, Salima

YANKHO: Mayi, amene mwamupezayo ndi kapuchi, yemwe uja adaboola chimanga chanu m'dzinja. Sadafe, akudikira mvula.

Mwanayo sadaname, koma zomwe wanenazo zimagwira kwambiri kumaiko ozizira. Ku London usana umapitirira maola 16 mu Juni, pomwe mu Disembala sukwana maola 8. Kumeneko mbozi yoboola chimanga kapena ya m'maapozi ikaona usiku ukutalika, thupi lake limasiya kukula chisanu chisanafike n'komwe, ndipo kuzizira kumangofulumizitsa. Imadalira kutalika kwa usana poti sikusintha chaka ndi chaka, pomwe kutentha kumanamiza: lero dzuwa, mawa mphepo. Tuloti akatswiri amatitcha diapause.

Kwathu kuno usana wa mu Juni umangopitirira pang'ono maola 11, wa mu Disembala sufika maola 13. Kusiyana kwake ndi pafupifupi ola limodzi ndi theka basi. Ndipo mdani wa mbozi kuno si chisanu ayi, ngakhale mwera utaomba bwanji pa nyanja. Mdani wake ndi chilimwe, miyezi yopanda tsamba laliwisi. Choncho kapuchi wathu amamvera phesi lomwe akudya. Chimanga chikakhwima, madzi ndi zomanga thupi zimachepa m'phesimo, ndiye mbozi yomwe yakula imaleka kusanduka gulugufe, n'kukhala chete m'mphako yomwe idaboola. Imayera, mawanga ake amazimiririka, imaonda poti ikudya mafuta a m'thupi mwake, ndipo imatha kufundula osakula. Imakhala choncho miyezi ingapo.

Kudzuka kwake ndiye kumandisangalatsa. Kutentha kwa Okutobala ndi usana womwe ukutalika zimathandiza kuti thupi likonzeke, koma chomwe chimamaliza ntchito ndi madzi. Phesi likanyowa ndi mvula yoyamba, mbozi imalowa m'chikwa, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu pamatuluka gulugufe wouluka usiku. Nthawi imeneyo chimanga chanu changomera kumene, masamba ali anthete, iye n'kuikira mazira pomwepo. Ndili mwana ndinkamva akuluakulu akuti mbozi zimagwa ndi mvula. Zoona zake n'zakuti zimakhala zili pakhomo pomwepo, mu mpanda ndi pa mulu wa mapesi kuseri kwa nkhokwe.

Akapuchi alipo amitundu iwiri ikuluikulu. Busseola fusca ngwa kuno ku Africa ndipo amakonda malo okwera ngati Dowa ndi Dedza. Wamawangamawanga, Chilo partellus, adachokera ku Asia ndipo ndi amene amachuluka m'malo otentha a m'mbali mwa nyanja. Wanuyo ndikumuganizira kuti ndi wachiwiriyu. Iyeyu akapeza chimanga chamthirira m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe sagona n'komwe, amangoswana chaka chonse. Musamusokoneze ndi mbozi za fall armyworm zomwe zidafika mu Africa mu 2016. Zimenezo sizidziwa tulo totere, zimangosamukira komwe kuli chakudya.

Tsono mpanda wanuwo. Sindikuuzani kuti muugwetse, bafa likhale pambalambanda, koma phesi loimirira kapena lounjikidwa ndi nyumba yabwino ya kapuchi. Chaka chamawa mangirani udzu. Mapesi otsala m'munda adulireni pansi penipeni, poti mbozi zambiri zimabisala kutsinde, ndipo muwagoneke moyala kuti dzuwa la Salima liwaombe, nyerere nazo zilowemo. Ena apatseni ng'ombe kapena muwaike pa kompositi mvula isanagwe. Kuotcha sindikukonda: mbozi zifa ndithu, koma nthaka yanu ikhala yamaliseche. Chimanga chikamera, muziyendera m'munda kawiri pa sabata, n'kumasuzumira m'mitima ngati masamba ayamba timabowo tondondozana.