Yankho kwa alamu, za nyumba ya ku Chiputula ija

Alamu, mwaswera bwanji? Pepani ndangojambula mawu, manjawa ali ndi ufa. Ndamva funso lanu pa gulupu, loti mwapeza nyumba ya zipinda zitatu ku Chiputula, ku Mzuzu kuno, yotsika mtengo, ndiye mukufuna muigule, muikonze, muikemo anthu a lendi.

Ganizolo ndi labwino, koma ndalama musatumize kaye. Zithunzi mwaika zija anajambula dzuwa likuswa mtengo. Mzuzu si Lilongwe alamu. Kuno Epulo mvula imakhala ikugwabe, ikangosiya kumabwera chifunga ndi kamvula kowaza kaja. Mukukumbuka Epulo wa 2016? Nyumba zinagwa ku Masasa, ku Chibavi, ku Chiputula komweko, anthu n'kukagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Ndiye nyumba ya kuno timaiona mvula itagwa.

Poiona musakweze maso kudenga, yambani pansi, kuchokera pa fawundeshoni kulekeza m'mawondo. Penti akatupa, pulasitala akamayoyoka, kapena muone nkhungu yakuda m'makona, dziwani kuti khoma likumwa madzi. Palani pang'ono ndi kiyi. Nyumba zambiri zakale njerwa zake anamangira dothi, simenti anangopaka pamwamba. Mufunsenso amayi oyandikana nawo kuti madzi a mumsewu amadzera pati, iwowo sabisa. Ine yanga ya ku Zolozolo ija ndinathamangira penti ndi matailosi, dzinja loyamba lomwe anthu anasamuka, zovala zikuchita nkhungu m'sutikesi. Ndinalira alamu. Mpaka ndinakumba ngalande ya simenti kuzungulira nyumba yonse, ndalama imene ndikanaichotsa pa mtengo pogula.

Kenako mapepala. Kalata ya a bulokulida payokha siyokwanira. Afunseni kuti malowo ali m'manja mwa ndani, khonsolo ya mzinda, a Malawi Housing Corporation kapena a unduna wa za malo (Lands), ndipo mukaone nokha ku ofesiko ngati dzina lili m'kaundula ndi la amene akugulitsayo. Ikakhala nyumba ya masiye, apa ndiye samalani kwambiri. Mwana mmodzi sangagulitse yekha, pafunika kalata ya kukhoti yoyendetsera chuma cha masiye, ndipo abale ake adziwe. Mufunsenso ngongole ya masiteleti ku khonsolo ndi bilu ya ku Northern Region Water Board, chifukwa mukagula adzagogoda pakhomo panu. Loya mulipireni, ndalama ya nyumba idzere ku banki.

Pokonza, yambani denga, ngalande, chimbudzi ndi mawaya a magetsi. Malata gulani a 28 geji, opepuka aja kuno sachedwa dzimbiri. Matabwa a ku Chikangawa muwapake mankhwala, chiswe chilibe chisoni. Zipangizo muzigula nokha, mmisiri muzimulipira akamaliza gawo, osati zonse kumayambiriro. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wakuuzani lero sabata yamawa ndi wina, ndiye pa bajeti yanu siyani malo. Komabe simenti musaunjike, chinyezi cha kuno chimaiumitsa m'thumba momwemo.

Zoti mudzaikemo ana a sukulu mwatchula zija, iwalani. A pa Mzuni, yunivesite ya Mzuzu, amafuna ku Luwinga, koyenda pansi kupita m'kalasi. Ku Chiputula mupeza banja, aphunzitsi, anthu ogwira ntchito m'tauni, ndipo amenewo ndi amene amakhalitsa. Iwo safunsa matailosi onyezimira, amafunsa madzi, mpanda ndi mita yawoyawo ya ESCOM. Mukadzamanga kabozikota kumbuyo, mita ikhale ina, mayunitsi ndiwo amayambanitsa anthu pa puloti imodzi. Pangano mulembe, musaine nonse, dipoziti mutenge, ngakhale wolowayo akhale wa kumpingo kwanu. Lendi ya miyezi iwiri muziisunga pambali yokonzera zowonongeka, ndipo musaiwale kuti lendi nayonso ili ndi msonkho wake ku MRA.

Nditumizireni nambala ya pulotiyo ndi ya eni ake ku inibokosi. Loweruka ndipita ndi amisiri anga, ndipo kukagwa mvula Lachisanu usiku zindikomera. Mupereke moni kwa make ana.