Mukalakwa ku UK, kuweramitsa mutu sikokwanira

Inu amene mwangofika kumene kuno ku UK, makamaka amene mwalowa ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, pali liwu lina la Chingerezi limene simungalimve m'basi kapena mu Tesco. Mukadzalimva, ndiye kuti zinthu zavuta kale. Liwulo ndi "remorse". Limapezeka m'makalata a kuntchito pamene wina wakudandaulani, m'makhoti, ndiponso m'zigamulo za bungwe la anamwino la NMC.

Musalisokoneze ndi anzake. "Sorry" ndi wa tsiku ndi tsiku, Mngelezi amamutchula ngakhale inuyo ndi amene mwamuponda phazi. "Regret" ndi kunong'oneza bondo, ndikanadziwa uja. Munthu akhoza kunong'oneza bondo chifukwa anagula galimoto yakutha, osalakwira aliyense. Ndipo kalata ikayamba ndi "we regret to inform you", ingodziwani kuti akukanani, wolembayo anagona tulo bwinobwino. "Remorse" ndi wolemera kuposa onsewa. Ndi kusowa mtendere chifukwa mwapweteka munthu wina, chikumbumtima chikukudyani. Nthawi zambiri amati "to show remorse", kutanthauza kuti chisonicho chionekere kwa ena. Cha mumtima mokha sachiwerenga.

Apa ndi pomwe ambiri a ife timagwa. Kwathu munthu wolakwa akaitanidwa pamaso pa akuluakulu amakhala pansi, maso kudothi, pakamwa tseke, ndipo aliyense amadziwa kuti wagonja. Kuyang'ana mfumu m'maso uli pamlandu ndi mwano. Kuno khalidwe lomwelo amalitanthauzira mwina. Bwana akufunsa chifukwa chimene agogo ena sanalandire mankhwala a madzulo, inu muli chete mukuyang'ana nsapato, iye akulemba kuti simunaonetse kukhudzidwa. Choipa kwambiri ndi kaseko kathu ka manyazi kaja. Ife timakadziwa, iwo amaona ngati mukuchita chibwana.

Chimene amafuna ndi mawu, ndipo mawuwo ayambire pa munthu amene wavutika. Nenani chimene munachita mosazungulira, nenani mmene chinamukhudzira wodwalayo ndi abale ake, kenaka chimene mwachita kuti zisadzachitikenso, monga kubwereza maphunziro a kaperekedwe ka mankhwala. Mukayamba ndi kulira za viza yanu, fizi ya ana ndi ngongole ya tikiti ya ndege, zonsezo n'zoona, koma womvera amaona kuti mukudzimvera chisoni nokha. Zoti munali awiri okha pa shifiti muzinene ndithu, koma zibwere pambuyo, ndipo zisamveke ngati mukukankhira mlandu kwa ena. A NMC akamaweruza namwino amayang'ana kwambiri ngati wamvetsa kulakwa kwake ndi ngati wakonza, moti anthu awiri olakwa mofanana akhoza kulandira zigamulo zosiyana.

Ena amaopa kupepesa poganiza kuti ndiko kuvomera mlandu. Ku England ndi ku Wales lamulo la Compensation Act la 2006 limati kupepesa pakokha sikuvomera kuti munachita zinthu mosasamala, ndipo Scotland ili ndi lamulo lake lofanana la 2016. Kuwonjezera apo, malamulo a 2014 amakakamiza zipatala ndi nyumba zosamalira anthu ku England kuuza wodwala zoona ndi kupepesa zinthu zikalakwika. Izi zinabwera pambuyo pa lipoti la loya Robert Francis la 2013 lonena za nkhanza ndi kubisa zinthu pachipatala cha Stafford. Ndiye kubisa tsamba la mankhwala kapena kusintha zimene munalemba n'koopsa kuposa kulakwa kwenikweniko.

Kukhoti nakonso liwuli lili ndi mtengo. Malangizo a Sentencing Council, bungwe lotsogolera oweruza pa kaperekedwe ka zilango, amaika "remorse" pakati pa zinthu zimene zingachepetse chilango, malinga woweruza akhutire kuti ndi chenicheni. Izi n'zosiyana ndi kuvomera mlandu msanga, kumene kumatha kudula chilango ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kwa ife alendo miyezi yochotsedwa pachilango si yamasewera, chifukwa pansi pa UK Borders Act ya 2007 mlendo wolamulidwa kukhala kundende miyezi 12 kapena kuposerapo amayang'anizana ndi kubwezedwa kwawo.

Koma ndisakusocheretseni. Sindikunena kuti muzivomera zimene simunachite pofuna kuoneka odzichepetsa, ngakhale tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa. Ngati simunalakwe, mukhoza kunena kuti zachitikazo zakukhudzani popanda kusenza mlandu wa wina. Apolisi akakutengani, pemphani loya wa pasiteshoni, ndi waulere, ndipo musafotokoze kanthu iye asanafike. Pamsonkhano wokuweruzani kuntchito muli ndi ufulu wopita ndi mnzanu wa pantchito kapena woimira bungwe la ogwira ntchito. Lowani bungwe lotere, monga Unison kapena RCN (bungwe loimira anamwino), mwezi woyamba womwe, chifukwa kawirikawiri sathandiza pa nkhani imene inayamba musanakhale membala.