Ndalama za kafukufuku wa zamakompyuta sizibwera m'dzina la mwana wanu

Mayi wina wandilembera kalata, ndipo m'munsi mwake mwana wake wamkazi wawonjezerapo funso lake. Mayiyo akuti: "Mwana wanga akumaliza digiri ya sayansi ya makompyuta chaka chino. Waona pa intaneti kuti bungwe la European Union limapereka mamiliyoni kwa anthu ochita kafukufuku wa zamakompyuta, ndipo pali munthu wina amene akuti tikamulipira amulembetsa. Ndilipire? Nanga kafukufuku ndi ntchito yoti munthu n'kuidalira?" Mwanayo akuti: "Ndili ndi maganizo opanga pulogalamu ya pa foni yothandiza anthu osaona. Ndiyambire pati kuti ndipeze ndalamazi?"

Mayi, musalipire. Ndalamazo zilipodi, koma khomo limene munthuyo akukulozerani kulibe. Malo opemphera ndalama za European Union, a pa intaneti otchedwa Funding & Tenders Portal, ndi aulere, ndipo m'gawo la kafukufuku wochitira limodzi amene amapempha ndi mabungwe: mayunivesite, makampani, malo ochitira kafukufuku, nthambi za boma. Bungwe lililonse limalembetsa koyamba n'kupatsidwa nambala ya manambala 9 yotchedwa PIC. Wophunzira payekha sangatumize pempho lotere n'kuyembekezera kuti mamiliyoni alowe mu akaunti yake. Amene akufuna ndalama kuti amulembetse mwana wanu akugulitsa chinthu chimene alibe.

Pulogalamu imene mwana wanu waona iyenera kukhala Horizon Europe, yomwe ikuyenda kuyambira 2021 mpaka 2027 ndipo inapatsidwa mayuro (ndalama ya ku Europe) pafupifupi 95.5 biliyoni. Isanabwere panali Horizon 2020, ya 2014 mpaka 2020, ya mayuro pafupifupi 80 biliyoni. Kumbuyo kwake kunali FP7, ya 2007 mpaka 2013, momwe gawo la zamakompyuta ndi mauthenga lokha linalandira mayuro pafupifupi 9 biliyoni. Chiyambi cha ndalama za kafukufuku wa zamakompyutazi ndi pulogalamu ya ESPRIT ya m'zaka za m'ma 1980, pamene maiko a ku Europe anaona kuti makampani awo akutsalira kumbuyo kwa a ku America ndi Japan. Kampani iliyonse inkachita zakezake, ndiye maboma anati: tikupatsani ndalama, koma pokhapokha mugwirire ntchito limodzi ndi mayunivesite komanso ndi anzanu a maiko ena.

Lamulo limenelo lidakalipo. Pempho la mtundu umenewu limafuna mabungwe osachepera atatu oima paokha, ochokera m'maiko atatu osiyana a European Union kapena maiko ena amene anachita pangano lolowa nawo mu pulogalamuyi, ndipo limodzi mwa atatuwo liyenera kukhala la dziko la membala wa European Union. Nambalayo ikakwana, mabungwe a maiko ena akhoza kulowa nawo, ndipo maiko ambiri osauka ndi apakatikati, kuphatikizapo ambiri a mu Africa, amaloledwa kulandira nawo ndalama. Choncho yunivesite ya mwana wanu ikhoza kukhala m'gulu lotere, koma siyingapemphe yokha.

Mutu wa kafukufuku nawonso susankhidwa ndi wopempha. Opereka ndalama amatulutsa ndandanda ya mitu imene akufuna, monga chitetezo cha makompyuta, ma netiweki a mafoni am'tsogolo, maloboti kapena AI (makompyuta otsanzira nzeru za munthu), pamodzi ndi tsiku lotsekera. Gulu limalemba pempho la masamba makumi angapo, n'kugawa ntchito m'zigawo: bungwe ili lipanga chakuti pofika mwezi wa 12, ilo liyesa chinthucho pa anthu enieni pofika mwezi wa 30. Akatswiri oima paokha amapereka mamakisi pa zinthu zitatu: ubwino wa sayansi yake, phindu limene idzabweretse, ndi mmene gululo lakonzekera kuigwira. Chilichonse chimakhala pa mamakisi 5. Kuti pempho liganiziridwe liyenera kupeza 3 pa chilichonse ndi 10 zonse pamodzi, koma kufika pa 10 sikupambana, chifukwa ndalama zimathera kwa amene ali pamwamba penipeni. Mu Horizon 2020, mapempho pafupifupi 12 okha pa 100 alionse ndi amene ankapatsidwa ndalama. Ndipo kuchokera tsiku lotsekera kufika posaina pangano pamatha kupita miyezi isanu ndi itatu.

Ndafotokoza zonsezi, mayi, kuti muone pamene mwana wanu angalowere. Gulu likapambana, gawo lalikulu la ndalama limapita ku malipiro a anthu ogwira ntchitoyo. Pulofesa amene wasaina sangalembe yekha mapulogalamu onse, sangasonkhanitse yekha deta yonse. Amafuna manja. Amalemba ntchito othandizira kafukufuku, akatswiri olemba mapulogalamu ndi ophunzira a PhD. Mpata wa wophunzira uli pamenepo. Ndalama zimafika kwa iye ngati malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo amalemba maola amene wagwira kuti oyendera mabuku adzaone.

Kampani ya Google inayamba chonchi. Mu 1994 bungwe la boma la America la National Science Foundation, pamodzi ndi mabungwe ena aboma, linapereka ndalama ku mayunivesite angapo kuti afufuze za malaibulale a pa kompyuta. Stanford inali imodzi mwa iwo, ndipo Larry Page ndi Sergey Brin, amene anadzayambitsa Google, anali ophunzira chabe amene ntchito yawo inakulira m'kati mwa pulojekitiyo. Kampani inadza mu 1998. Sindikulonjeza mwana wanu Google. Ndikungosonyeza kuti ngakhale awiriwo analowera pa khomo la pulojekiti ya aphunzitsi awo.

Tsopano iwe mwana wanga, tikambirane za pulogalamu yako ya anthu osaona. Lingaliro ndi labwino, ulisunge, koma usaliike patsogolo ngati chinthu chogulitsa. Opereka ndalama amaona malingaliro ambirimbiri. Chimene chimasowa ndi munthu amene wasonyeza kale kuti akayamba chinthu amachimaliza. Panga kachigawo kakang'ono ka pulogalamuyo kogwira ntchito, ngakhale kongowerenga mokweza mawu a pa chikwangwani. Kaike pa GitHub, malo a pa intaneti oikapo mapulogalamu kuti ena awaone, ndi malongosoledwe omveka. Kapereke kwa anthu osaona angapo, atavomereza okha, ndipo ulembe zimene zinakanika. Tsamba limodzi lonena kuti pulogalamu inalephera kuwerenga zilembo pamalo a dzuwa lambiri, ndi zimene unasintha, limalemera kuposa masamba khumi a malonjezo.

Ukatero, tsegula CORDIS. Ndi malo aulere pa intaneti pamene European Union imaika mapulojekiti amene inapereka ndalama. Lemba mawu ofufuzira a nkhani yako m'Chingerezi. Tsamba la pulojekiti iliyonse limakuonetsa tsiku loyambira ndi lothera, ndalama zonse, bungwe lotsogolera, ndi mndandanda wa mabungwe onse amene ali m'gululo limodzi ndi ndalama zimene lililonse linalandira. Yang'anitsitsa tsiku loyambira. Pulojekiti imene yangoyamba miyezi yochepa yapitayi ndiyo ikufunafuna anthu, pamene imene yatsala ndi chaka chimodzi inalemba kale anthu ake ndipo ili kalikiliki ndi malipoti. Ophunzira ambiri amataya nthawi kulembera mapulojekiti amene akutseka. Yang'ananso ngati m'mndandandamo muli yunivesite ya m'dziko lako kapena yoyandikana nayo, chifukwa amenewo ndi osavuta kuwafikira.

Ukapeza munthu woti umulembere, imelo ikhale yaifupi. Tchula pepala lake limodzi limene waliwerengadi, nena chinthu chimodzi chimene unachimvetsa kapena chimene sunagwirizane nacho, ika ulalo wa ntchito yako, ndipo ufunse ngati pali mpata wa wothandizira. Imelo yoyamba ndi matamando a mizere isanu, yotumizidwa kwa mapulofesa ambiri nthawi imodzi, imadziwika msanga ndipo siyankhidwa. Usaiwale aphunzitsi ako omwe. Gogoda pa ofesi ya amene amayang'anira pulojekiti yako ya chaka chomaliza, uwafunse kuti ndani mu dipatimenti ali ndi ndalama za kafukufuku panopa. Ntchito zambiri zothandizira zimapita kwa wophunzira amene mphunzitsi anamuona kale akugwira ntchito mosamala.

Palinso njira zimene dzina lako limalembedwa mwachindunji. Erasmus Mundus, pulogalamu ya maphunziro ya European Union, imapereka digiri ya Masters yophunzitsidwa ndi mayunivesite osachepera atatu a maiko osiyana, ndipo opambana maphunziro aulere amalandira mayuro 1,400 pa mwezi kwa miyezi yosapitirira 24. Umapempha ku gulu la mayunivesitewo, osati kudzera mwa munthu wapakati. Ukadzafika pa PhD, European Union ilinso ndi Marie Skłodowska-Curie Doctoral Networks, zomwe zimalandira munthu wa dziko lililonse malinga alibe kale PhD ndipo sanakhale m'dziko limene akupitalo miyezi yoposa 12 pa miyezi 36 yapitayo. Mipata yake imalengezedwa pa EURAXESS, malo a pa intaneti olengezerapo ntchito za kafukufuku, ndipo wolandiridwa amakhala wantchito wa kontrakiti, nthawi zambiri ya zaka zitatu. Mu Africa muno muli RSIF, thumba limene maboma ena a mu Africa, World Bank ndi boma la Korea amaikamo ndalama ndipo limayendetsedwa ndi bungwe la kafukufuku la icipe ku Nairobi. Limalipirira PhD anthu a kum'mwera kwa Sahara amene ali kale ndi Masters, zamakompyuta ndi AI zili pa mitu yake, ndipo limalimbikitsa kwambiri akazi kupempha. University of Rwanda nayonso ili ndi malo a maphunziro a Internet of Things (zipangizo zolumikizana pa intaneti) ndi a sayansi ya deta amene anakhazikitsidwa ndi ndalama za World Bank pansi pa pulogalamu ya ACE II ya 2016. Pafupifupi njira zonse za PhD zimafuna Masters, choncho magiredi ako a chaka chino ndi nkhani yaikulu kuposa mmene ukuganizira.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mtima, ndipo ndikufuna uchidziwe usanalowe. M'magulu ena, bungwe la dziko losauka limaitanidwa pempho litalembedwa kale, n'kupatsidwa ntchito yosonkhanitsa deta basi. Kusanthula, kulemba mapepala ndi kupita ku misonkhano kumakhala kwa ena. Wophunzira amatha zaka zitatu akudzaza mafomu ndi kuyeretsa deta, pulojekiti n'kutha dzina lake lisanaoneke pa pepala lililonse. Si magulu onse amene ali chonchi, koma alipo. Usanasaine, funsa mafunso atatu mopanda manyazi: ndidzakhala m'chigawo chiti cha ntchito, ndani adzandiyang'anira, ndipo dzina langa lidzalembedwa pa mapepala amene atuluke m'ntchito yanga? Mtsogoleri wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa. Akayamba kuzungulirazungulira, ganiza kawiri.

Ndibwerere kwa inu mayi, pa funso lanu lachiwiri. Ntchito za m'mapulojekiti otere ndi za kontrakiti. Zambiri zimatenga zaka zitatu kapena zinayi, ndipo ndalama zikatha ntchito yatha, pokhapokha gulu litapambananso pempho lina. Munthu akhoza kufika zaka 35 akadali kudumpha kuchoka pa kontrakiti ina kupita pa ina, ndipo zimenezi zimavuta pa nkhani ya ngongole ya nyumba kapena kukhazikika ndi banja. Sindingakubisireni zimenezo. Malipiro a kampani yabwino ya zamakompyuta nthawi zambiri amaposa a wothandizira kafukufuku.

Komabe, kwa mtsikana wa msinkhu wake amene ali ndi chidwi chotere, ine ndingamulimbikitse kuti ayese pulojekiti imodzi. M'zaka zochepazo adzaphunzira zinthu zimene kalasi siphunzitsa: kugwira ntchito ndi anthu a maiko ena amene sanawaonepo maso ndi maso, kusunga tsiku lopereka ntchito, kulemba lipoti loti woyendera mabuku asapezemo chokayikitsa, kusamala deta ya anthu motsatira malamulo okhwima monga GDPR, imene inayamba kugwira ntchito ku Europe mu 2018. Makampani amalemba anthu otere mosavuta, ndipo m'magulu ambiri muli makampani amene amakhala akumuona mmene amagwirira ntchito. Palinso ntchito ina imene makolo saidziwa: oyendetsa mapulojekiti ndi olemba mapempho. Mayunivesite ambiri amasowa munthu womvetsa zamakompyuta amenenso amadziwa kuwerenga bajeti, monga kudziwa kuti pa kafukufuku weniweni Horizon Europe imabweza ndalama zonse zovomerezeka, pamene kampani yofuna phindu imene ili pa pulojekiti yopanga chinthu choyandikira kugulitsidwa pa msika imabwezeredwa 70 pa 100 alionse, ndipo pamwamba pake pamaikidwa 25 pa 100 ya zoyendetsera ofesi.

Ndalama zimene munafuna kupatsa munthu uja zikhoza kugwira ntchito ina. Mapulogalamu ambiri a Masters ndi PhD ophunzitsidwa m'Chingerezi amafuna umboni wa chilankhulo monga IELTS kapena TOEFL, pasipoti, ndi makope otsimikizika a masatifiketi. Zimenezo ndi zolipira zenizeni, ndipo zimalipiridwa ku mabungwe ake enieni, ndi risiti. Mapulogalamu ambiri a Erasmus Mundus amatsegula pakati pa Okutobala ndi Januwale, choncho mwana wanu ayambe kupempha makalata a umboni kwa aphunzitsi ake awiri asanachoke pa sukulu, akadamukumbukira bwino.