Funsani Malume: Tianthu ta m'kaunjika, tina tachikasu tina takuda

Mwezi uno makalata atatu agwera pa nkhani imodzi, ya tianthu ta pulasitiki ta LEGO. Oyandikana nane ku Katoto akudziwa kuti apa mwandikanda pondiyabwa. Kabati yomwe mayi a kunyumba anagulira mbale za alendo, shelefu yake yapamwamba ndinalanda kalekale, ndipo pamakhala tianthu toposa 200, pafupifupi tonse totola m'kaunjika.

FUNSO: Malume, sabata yatha ndinagula jumbo ya zidole pa kaunjika mumsika waukulu wa Mzuzu. Pansi pake mwana wanga anapezapo tianthu 7. Tinayi ndi tachikasu, kumaso timadontho tiwiri ndi kumwetulira basi. Titatu tili ndi khungu ngati la anthu enieni, ndipo kena kali ndi nkhope ziwiri, ina kutsogolo ina kunkhongo. Bambo a kunyumba akuti tachikasuto ndi tabodza chifukwa tikuoneka tosamalizidwa. Kodi n'zoona? Ndine mayi wa ku Chibavi.

YANKHO: Mayi, bambowo muwauze mwaulemu, atadya kaye, kuti apa aphonya. N'kutheka kuti tachikasuto ndi timene tili takale pa tonse, ndipo nkhope yosavutayo ndi kumene kunayambira mtundu wonsewu.

Kampani ya LEGO ili m'tauni ya Billund ku Denmark. Anaiyambitsa ndi kalipentala, Ole Kirk Christiansen, mu 1932, ndipo poyamba ankasema zidole zamatabwa. Tinjerwa tolumana timene tikutidziwa leroti anatilembetsa ku boma mu 1958. Ana anamanga nato nyumba ndi magalimoto zaka ndi zaka, koma nyumbazo zinalibe wogonamo wa msinkhu wake. Mu 1975 kunabwera tianthu toyamba tating'ono chonchi, koma tomvetsa chisoni: kumaso kopanda kanthu, manja omatirira kuthupi, miyendo yogwirana ngati chitsa. Kamunthu kamene mwana wanu akuseweretsako kanabadwa mu 1978, ndi luso la mmisiri wa kampaniyo, Jens Nygaard Knudsen. Iyeyo ndiye anakapatsa mikono ndi miyendo yoyenda, komanso tizikhatho topindika togwira kapu, mkondo kapena fosholo. Kutalika kwake ndi masentimita 4 okha, ndipo muyezowu sanausinthe, n'chifukwa chake mutu wa 1978 umalowa bwinobwino pakhosi la kamunthu kogulidwa chaka chino.

Kuchokera 1978 kufika 1989, aliyense anali ndi nkhope imodzimodziyo. Wapolisi akumwetulira, wozimitsa moto akumwetulira, msilikali wa mkondo amene ali pankhondo akumwetuliranso. Mkazi unkamudziwira tsitsi lomwe wavala, ukalichotsa n'kuika chisoti wasanduka bambo. Eni ake amati anasankha chikasu kuti kamunthuko kasakhale ka fuko lililonse.

Amene anaswa mwambowu ndi achifwamba a panyanja, omwe anatuluka mu 1989. Kwa nthawi yoyamba kumaso kunamera ndevu, diso lina linaphimbidwa ndi chigamba, milomo ya mkazi inapakidwa zofiira, ndipo mkulu wa gululo anabwera ndi mwendo wamtengo ndi mbedza m'malo mwa dzanja. Chaka chotsatira kunabwera mzukwa wowala mumdima. Wanga ndinaupeza ku Zigwagwa pakati pa nsapato za ana, ndipo magetsi atazima usiku wina unathamangitsa mlendo wathu pabalaza. Chitseko chitatseguka choncho sichinatsekekenso: nkhope zokwiya, zamantha, za magalasi, za makwinya a ukalamba.

Tsono titatu tanu ta khungu lenilenito tili ndi mbiri yake. Mu 1999 kampaniyi inayamba kupanga anthu a m'mafilimu a Star Wars, ndipo mu 2001 a Harry Potter, koma onsewa poyamba anali achikasu ndithu. Mutu wa nkhope ziwiri ngati wa kanuko unayamba kuoneka m'nyengo yomweyo, tsitsi kapena chisoti zimabisa nkhope imene simukuifuna. Vuto linadza mu 2003 atafuna kupanga osewera basketball a NBA ku America, anthu enieni oti aliyense akuwadziwa, ambiri mwa iwo akuda. Kuwapanga achikasu kukanakhala kuseketsa anthu. Choncho anawapatsa khungu lawo, ndipo kuyambira 2004 lamulo linakhazikika lakuti kamunthu koimira munthu weniweni kapena wa mufilimu kazikhala ndi khungu lake, pomwe apolisi, madokotala ndi anthu wamba a m'tauni ya LEGO atsale achikasu. Ndiye titatu tanuto sitingakhale takale kuposa 2003.

Pano ndinenepo zakukhosi. Ine mtima wanga uli pa nkhope yakale ija. Tili ana tinkawumba ng'ombe zadothi ndi kupinda magalimoto a mawaya, ndipo palibe amene ankatiuza kuti ng'ombeyo lero yakwiya kapena yakhuta, tinkadzisankhira tokha. Kamunthu ka madontho awiri kali chimodzimodzi, m'mawa ndi dalaivala wa minibasi, madzulo ndi abusa. Ka masiku ano kamabwera ndi dzina, chipsera ndi mkwiyo wake kale, mwana n'kungotsatira. Komabe sindingabise zomwe ndinaona kunyumba kwanga komwe. Zoti chikasu si cha fuko lililonse ana a kuno sazimva, iwo amangoti ndi tiazungu. Tsiku lomwe ndinabwera ndi kosewera basketball kakuda, mdzukulu wanga anakalanda ndisanakatsuke n'komwe, n'kunena kuti aka ndi ankolo ake, ndipo anagona nako. Sanachitepo zotere ndi kachikasu. Mu 2016 atatulutsa kamnyamata ka pa njinga ya aulumali pamodzi ndi kakhanda, ndinaganiza za ana ena omwe nawonso anali asanadzionepo m'bokosi la zidole. Pamenepo ine ndi nkhope yanga yakale tinagonja pang'ono.

Chenjezo limodzi, nkhope yakaleyi amaipangabe apo ndi apo, ndiye musathamangire kunena kuti muli ndi chuma cha 1978. Vulani tsitsi kapena chisoti muyang'ane kabatani ka pamwamba pa mutu. Kakakhala kotseka, kopanda dzenje, mutuwo ndi wa zaka zoyambirira zija. Kakakhala ndi dzenje, ndi wa pambuyo pake. Ndipo mukadzapeza kamunthu katali pang'ono, kowonda, kokhala ngati kadoli, musadabwe, ndi ka gulu la Friends lomwe linayamba mu 2012.

FUNSO: Malume, ndine mnyamata wa zaka 22, ndikuphunzira ku Luwinga. Ndili ndi tianthu 30, tambiri ndinagula ku Taifa tili tatsopano m'mapepala ake. Ndikufuna nditasonkhanitsa mitundu yonse. Ndingadziwe bwanji tenitenito? Komanso ndamva kuti tina timagulitsidwa ndalama zambiri kunja.

YANKHO: Mphwanga, zosonkhanitsa tonse uziiwale lero lomwe. Pa BrickLink, msika wa pa intaneti womwe osonkhanitsa amagulitsiranapo, ndipo LEGO inaugula mu 2019, mitundu ya tianthu yolembedwa inapitirira 10,000 kalekale, ndipo chaka chilichonse ikuonjezereka. Ngakhale ukanakhala mwini minibasi zonse za msewu wa Nkhata Bay sukanaikwanitsa.

Kampaniyo inazindikira kuti kuli akuluakulu onga ine amene amagula bokosi lonse chifukwa cha kamunthu kamodzi. Ndiye mu 2010 inayamba kugulitsa tianthu patokha, mitundu 16 pa gulu lililonse, kalikonse m'kathumba komata kosaonetsa zam'kati. Umalipira kaye, n'kudzaona pambuyo kuti wapeza ndani. Anthu anaphunzira kupapasa timatumbato m'sitolo ngati mayi wosankha mapeyala, kufufuza chisoti kapena chida choti chiwauze amene ali m'katimo. Masiku ano gulu limakhala la mitundu 12, ndipo kuyambira 2023 amatiika m'timakatoni, choncho opapasa aja ntchito inawathera.

Za ndalama zomwe wamvazo zili ndi pochokera. Mu 2013 anapanga kamunthu konyezimira ngati golide kotchedwa Mr. Gold, tokwana 5,000 tokha pa dziko lonse, n'kutimwaza m'timatumba tija. Kameneko ndiye kamadula zedi. Ndikuuze manyazi anga. Chaka china mnyamata wina anandipeza pamalo okwerera basi, n'kundionetsa kamunthu kagolide m'kabokosi ka machesi, akunong'ona ngati akugulitsa mwala wa mtengo wapatali. Ndinamupatsa ndalama ya ndiwo za sabata yonse. Nditafika kunyumba golideyo anayamba kutsalira m'zala, pansi pake n'kutuluka wozimitsa moto wamba wopoperedwa penti. Mayi a kunyumba nkhaniyi amaifotokozabe kwa mlendo aliyense.

Kuzindikira kenikeni n'kosavuta ukakhala ndi tochi ya foni. Zula mutu, pamwamba pa khosi kawirikawiri pamalembedwa kuti LEGO m'tizilembo tating'onoting'ono. Zula miyendo uyang'ane m'chiuno, dzinalo limapezekanso pamenepo, chimodzimodzi kunsi kwa tsitsi ndi zisoti zambiri. Kenikeni amakapanga ndi pulasitiki yolimba yotchedwa ABS, zojambula zake sizimwazikana, ndipo mwendo ukaupinda umakhala pomwe wausiya, sulendewera. Tatsopano totchipa timene timabwera m'mapepala owala, tambiri ndi ta makampani ena amene anatengera kapangidwe kake. Sindikuti utitaye. Mwana amasewera nato bwinobwino, ndipo tina ndi tokongola. Koma tiike patokha, ndipo usadzagulitse kwa mnzako ukunena kuti ndi LEGO.

Tenitenito kuno timabwera njira ziwiri. Yoyamba ndi mabelo a zidole, ndipo pamafunika kulawira tsiku lotsegula belo, kugwada pansi, n'kufukula mpaka pansi penipeni, chifukwa tinthu tating'ono timatsikira kumeneko. Dziwa kuti ta m'kaunjika kawirikawiri timakhala tosakanizika: mwana wa ku Ulaya anachotsa mutu wa wachifwamba n'kuuika pa thupi la dokotala, miyendo n'kutenga ya wina. Kotereko ogula akunja sakafuna, ndipo ukawerengera ndalama yotumizira, phindu lomwe ukulotalo latha. Njira yachiwiri ndi abale a ku Joni. Ife a kumpoto kuno n'kovuta kupeza banja lopanda munthu kumeneko, ndipo ku Sandton City mu Johannesburg kuli sitolo ya LEGO yomwe inatsegulidwa mu 2018. Koma mtengo wake ukautembenuza m'makwacha, uyamba wakhala pansi kaye.

Langizo langa ndi loti usankhe mzere umodzi. Ine ndimatola anthu a ntchito: apolisi, anamwino, amakaniko, ophika, wa positi. Ndikawandandalika malinga ndi zaka, wapolisi yekha amandisonyeza ulendo wonse, kuchokera wa jekete lakuda ndi chipewa choyera mpaka wa lero wa wailesi pachifuwa, zojambula kumsana ndi m'miyendo momwe. Mnzanga wina wa ku Masasa amatola opita mumlengalenga okhaokha, aja a chizindikiro cha dziko lozunguliridwa ndi kachombo pachifuwa. Ali nato 9, ndipo amatinyadira kuposa mmene ine ndimanyadira 200 tanga. Tikakumana timasinthana, ndalama sitigwiritsa ntchito.

FUNSO: Malume, ndimaphunzitsa sukulu ya mkaka ku Zolozolo. Munthu wina wakufuna kwabwino anatipatsa chidebe cha tinjerwa ndi tianthu. Ndinatiyala pawindo kuti tizikongoletsa kalasi, koma toyera tayamba kusanduka tachikasu ndipo tina tang'aluka m'mbali. Nditani?

YANKHO: Aphunzitsi, choyamba si mtundu, ndi ana anuwo. Mutu wa kamunthu aka ndi waung'ono ngati nsawawa, ndipo mwana wosakwana zaka 3 chilichonse amaponya m'kamwa. N'chifukwa chake pa mabokosi ake pamakhala chenjezo. A m'kalasi ya ang'onoang'ono asatiyandikire n'komwe, iwowa ali ndi njerwa zawo zikuluzikulu zotchedwa DUPLO, zomwe nazonso zimapezeka m'kaunjika.

Kusanduka kwa mtunduko ndi dzuwa. Ngakhale kuno ku Mzuzu kumene mwezi wa June timaliona mwa apo ndi apo, pawindo limakwanitsa ntchito yake, ndipo toyera, totuwa ndi tabuluu ndi timene timayamba kuonongeka. Tichotseni pamenepo lero. Kung'aluka m'mbali kumabwera chifukwa chozula ndi kubwezera mikono pafupipafupi, choncho anawo muwalole kusintha mitu, tsitsi ndi miyendo, koma mikono aisiye.

Potsuka gwiritsani ntchito madzi ofunda osapitirira madigiri 40, sopo wa mbale pang'ono, ndi mswachi wakale wofewa, osakhula kumaso. Madzi owira amapinda pulasitiki. Mukatha muyanike pa nsalu mumthunzi, titapatulidwa, chifukwa ndi chinyontho cha kwathu kuno madzi otsalira m'kati mwa miyendo amatha masiku asanaume. Ine ndimayanika pa lichero pakhonde, ndipo ndimakhala pomwepo ndi kapu ya khofi mpaka tiume, kuyambira tsiku lomwe nkhuku ya oyandikana nawo inajompha mutu wa namwino wanga n'kuthawa nawo kuseri kwa bafa.

Makalata a mwezi wamawa afike lisanakwane tsiku la 20. Ndipo ngati alipo mwa inu amene ali ndi mutu wachikasu wa kabatani kotseka womwe ukungokhala, namwino uja akadali pa shelefu wopanda mutu, ndipo ndili ndi achifwamba awiri ofanana oti tingasinthane.