Vinyo wofiira wa ku Joni amaonongekera panjira

Mchemwali, mwafunsa kuti geni yooda vinyo wofiira wotchipa ku Joni imayenda bwanji. Ndikuuzani, koma amene akuti ndi ndalama zachangu sanagonepo pachipata katundu ali padzuwa.

Vinyoyu amachokera kumadera otentha a ku South Africa monga Robertson ndi Vredendal. Vredendal, kwawo kwa vinyo wa Namaqua, ili m'mbali mwa mtsinje wa Olifants. Mphesa zakumeneko n'zothirira, zimabereka kwambiri, n'chifukwa chake mtengo umatsika. Akwathu amakonda wotsekemera. Wolembedwa dry, kutanthauza wosatsekemera, musadzaze naye thiraki pokhapokha muli kale ndi malo odyera amene akumufuna.

Phindu lili pa wa m'bokosi wa malita 3 kapena 5, chifukwa simulipirira kulemera kwa galasi. Katoni ya mabotolo 12 a 750 ml imakupatsani malita 9 okha. Koma bokosilo ndi limene lagwetsa anzathu ambiri. Thumba la m'kati mwake limalowetsa mpweya pang'onopang'ono ngakhale lisanatsegulidwe, choncho vinyo wake sakhalitsa ngati wa m'botolo. Wogulitsa akakutsitsirani mtengo modabwitsa, tembenuzani bokosi muone deti. Nthawi zambiri ndi katundu wogonera. Mumukweze pamwamba, pansi pa tenti, mudutse naye ku Tete mu Okutobala kutentha kukupitirira madigiri 40, pofika ku Blantyre ali wofiirira mwakuda, akununkha ngati jamu wopserera. Mabotolo nawo amatuluka thukuta pachitsekero, malebulo n'kuthimbirira. Mwini shopu akangolawa amabweza yense, ngongole ya maranda ili pomwepo. Ine katundu wanga sakwera pamwamba. Amakhala pansi, pakati pa katundu wina, mabokosi ali chilili, osasanjikiza ambiri chifukwa apansi amaphwanyika, kampopi n'kuyamba kudontha.

Za mapepala musamvere za m'basi. South Africa siili m'bungwe la zamalonda la COMESA, ndiye njira yapafupi yodutsitsira katundu pachipata imene bungweli linakonzera amalonda ang'onoang'ono siikukhudzani. Funani invoisi yeniyeni ndi satifiketi ya SADC yosonyeza komwe katundu wapangidwa. Imachepetsa msonkho wolowetsera katundu, koma wa excise ndi VAT mulipira ndithu, ndipo pa mowa samwetulira. Ku Zimbabwe ndi ku Mozambique mukungodutsa, katundu amayenda pa bondi, chikole chotsimikizira kuti satsala m'mayikomo, choncho ajenti wanu wa zamapepala akhale wodziwika.

Chimene chimandiwawa n'chakuti pamageti ena munthu amaona bwinobwino kuti ndi vinyo, mapepala ali bwino, koma amati bwana watuluka, mubwere mawa, n'cholinga choti mugwire m'thumba. Iye ali pamthunzi, mpamba wanu ukuphikika panja. Musapereke. Pemphani kuti chimene akuti chalakwika achilembe papepala, ambiri amafewa pomwepo.

Laisensi yogulitsira mowa tengani kukhonsolo musananyamuke, ndipo ulendo woyamba muyende mu Juni kapena Julaye, kukuzizira.