Wotchi ya pa ukwati wa ku Tete: yagolide kapena Casio?

Achimwene ena a ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, aphunzitsi a kupulayimale, anditumizira funso pa imelo. Mlongo wawo akukwatiwa mu Okutobala mumzinda wa Tete, ndipo iwo adzakhala kutsogolo pamodzi ndi ankhoswe. Suti anasoketsa kale, yabuluu woderako, nsapato ndi zakuda. Tsiku ndi tsiku amavala Casio yakuda ya manambala, koma pamsika aonapo wotchi yaikulu yooneka ngati golide. Ndalama zilipo za wotchi imodzi yokha. Akuti, agule yagolideyo kapena angolowa m'tchalitchi ndi Casio yawo?

Achimwene, yagolideyo isiyeni pomwepo. Mawotchi otchipa oterewa amangowapaka mtundu pamwamba, m'kati muli chitsulo wamba. Inu munazolowera kamphepo ka ku Angónia, koma ku Tete mu Okutobala kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40. Thukuta lili ndi mchere, ndipo limayamba kudya utoto uja pamene wotchi ikukhudza khungu, kunsi kwake ndi pomangira. Ikayamba kusupuka siibwereranso, mwinanso imasiya zobiriwira pamkono. Vuto lina ndi kukula. Wotchi yovala ndi suti imayenera kulowa yokha pansi pa mkono wa shati, n'kumangoonekera mukatambasula dzanja popereka moni. Yaikulu imakola kabatani, shati n'kumakwinyika, ndipo pa zithunzi zonse anthu adzayamba kuona wotchiyo asanaone mkwatibwi.

Chimene ndingakulangizeni ndi ichi. Funani wotchi ya mivi, yopyapyala, ya chitsulo chosachita dzimbiri chamtundu wasiliva, nkhope yake yoyera kapena yakuda, yopanda timawotchi tina ting'onoting'ono m'kati. Kwa amuna ambiri mamilimita 36 mpaka 40 m'mimba mwake amakwana bwino. Poyesa, yang'anani timiyendo tinayi togwira lamba: tisapitirire m'mbali mwa mkono wanu. Tikapitirira ndiye kuti yakukulirani, ngakhale wogulitsa atakutamandani chotani. Itengeni ya batire, chifukwa yoyenda ndi kugwedezeka kwa mkono imaima mukaisiya patebulo masiku awiri, komanso wokonza mawotchi a mabatire savuta kupeza.

Tsono nkhani yaikulu ili pa lamba. Lamulo lake n'losavuta: chikopa chifanane ndi chikopa chinzake. Nsapato zakuda ndi lamba wa m'chiuno wakuda zimafuna lamba wa wotchi wakuda, zabulawuni zimafuna wabulawuni. Chitsulo nachonso chimodzimodzi, ngati chomangira lamba wa thalauzi ndi chasiliva, wotchi ikhale yasiliva. Koma chikopa ndi kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi sizimvana. Chimamwa thukuta, chimanunkha, kenaka chimang'ambika pa kabowo kamene mumamangira kawirikawiri. N'chifukwa chake anthu ambiri a ku Tete ndi ku Moatize mumawaona ndi malamba achitsulo, amene amangofuna kuwapukuta ndi kansalu konyowa.

Apa ndi pamene wotchi imodzi imagwira ntchito ya ziwiri. Lamba amagwidwa ndi kachitsulo kokhala ndi sipuling'i m'kati, ndipo wokonza mawotchi amakachotsa m'kamphindi. Gulani wotchi ya lamba wachitsulo, muonjezere lamba wachikopa wakuda wa muyezo womwewo. Ambiri amakhala mamilimita 18, 20 kapena 22, ndiye muyezetse kaye mpata wa pakati pa timiyendo tija. Mu chapa (minibasi) ulendo wonse kuchokera ku Ulongwe kudzera ku Moatize muvale wachitsulo, wachikopayo aikidwe dzulo lake la ukwati. Mukabwerera kumapiri, kumene mu Juni ndi Julayi mumavala majuzi, chikopa chimakhalitsa popanda vuto.

Casio yanu musainyoze. Ngati ndi ija ya F-91W, inatuluka mu 1989 ndipo batire yake imatha zaka pafupifupi 7. Ya kudimba, ya panjinga yamoto m'fumbi, ya kumpira wa ana asukulu, palibe yoiposa. Ndalama zikavuta, ine ndingakonde mudzalowe nayo m'tchalitchi itabisala pansi pa shati kusiyana ndi yagolide yosupuka. Chokha, muzimitse kabelu kamene kamalira ola lililonse. Kulira pamene abusa akudalitsa mphete kumatembenuza mitu ya tchalitchi chonse.

Pali malo ena amene simunafunse koma mudzawafika ndithu, kumaliro. Kumeneko chonyezimira chilichonse sichiyenera. Munthu akakhala pasiwa wotchi ikung'anima pa kuwala kwa moto, anthu salankhula koma amaona. Valani yakuda ija kapena musavale n'komwe, ndipo musamaiyang'ane pafupipafupi akuluakulu akulankhula, chifukwa zimaoneka ngati mwatopa nawo anamfedwa. Amayi akunyumba akafunsa zawo, auzeni kuti chitenje cha maluwa ambiri chimafuna kawotchi kosalira zambiri, kofanana mtundu ndi ndolo zawo.

Za madzi musamale ndi zolembedwa kumbuyo. Pakalembedwa 30M sakunena kuti mungamire nayo mamita 30, akungonena kuti ipirira madontho a mvula ndi posamba m'manja. Yosambira nayo imayambira pa 100M.

Tsiku logula muvale shati imene mudzavale pa ukwatiyo, mumange kabatani ka pamkono, muone ngati wotchi ikulowa ndi kutuluka popanda kukankha. Lamba asathine: kachala kakang'ono kazilowa pansi pake, chifukwa kukatentha mkono umafufumako pang'ono. Kenaka kokani kachitsulo kosinthira nthawi, muzungulitse mivi mpaka idutse 12 kawiri kuti muone ngati deti likusintha, ndipo muuze wogulitsayo akuikireni batire yatsopano inu mukuona musanapereke ndalama.