Gemu yaulere kapena yolipira pamwezi: yankho kwa achimwene a ku Matawale

Wowerenga wina wa ku Matawale, mnyamata amene wangoyamba kumene ntchito, wanditumizira imelo yofunsa ngati kuli kwanzeru kusiya magemu aulere a pafoni n'kuyamba kulipira mwezi uliwonse gemu ya pakompyuta monga Final Fantasy XIV, popeza waona kuti ndalama zimene amawononga pogula tinthu ting'onoting'ono m'magemu aulerewo zikuposa zimene akanalipira pamwezi. Achimwene, funso lanu landikhudza, ndipo mundilole ndizungulire pang'ono ndisanafike pa yankho, chifukwa nkhani imeneyi inalowapo m'banja mwathu ndipo inasiya mkangano umene sunatheretu mpaka lero.

Achemwali anga amakhala ku Chinamwali ndipo amagulitsa kaunjika. Chaka china anayamba kuona kuti ndalama za mufoni mwawo zikuchepa mosadziwika bwino, osati zambiri nthawi imodzi ayi, koma pang'onopang'ono, mpaka tsiku lokaoda belo anapeza kuti mpamba waperewera. Poyamba ankaganizira wothandizira wawo pamsika, ndipo mtsikanayo anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito pa mlandu umene sanapalamule. Chinsinsi chinaululika atayang'anitsitsa mauthenga a ndalama zotuluka n'kupeza kuti zonse zinkapita ku nambala imodzi, nthawi zonse usiku, pamene foni inkakhala m'manja mwa mwana wawo wa Fomu 3. Nambalayo inali ya mnyamata wina wa ku Chikanda amene anali ndi khadi la banki, ndipo ntchito yake inali yogulira anzake ndalama za m'magemu ataikapo yake yapamwamba. Monga malume, ndinaitanidwa kuti ndikaweruze.

Ndinamupeza mwanayo atakhala pakhonde, mutu uli pansi, ndipo ndisananene chilichonse ndinamuuza kuti andionetse chimene ankagula. Anatsegula gemu ina yowomberana, imene sindiitchula dzina, n'kulowa pa tsamba limene linali ndi gudumu lozungulira, lokhala ndi mphoto m'mbali mwake monse: zipewa, nsapato, magolovesi, ndi mfuti imodzi yagolide imene inali pamwamba pa zonse. Akadina, gudumulo linkazungulira ndi nyimbo komanso kuthwanima, kenako n'kuyamba kuchepetsa liwiro, ndipo kamuvi kankadutsa pa mfutiyo pang'onopang'ono n'kukaima pa chipewa chimene anali nacho kale. Pakona panali wotchi yowerengera maola otsala kuti mwayiwo uthe. "Malume, kanangotsala pang'ono," anatero, ndipo ankakhulupiriradi zimenezo ndi mtima wonse. Chimene mwanayo sankadziwa n'chakuti mphoto imasankhidwa ndi kompyuta ya kampani gudumu lisanayambe n'komwe kuzungulira, ndipo kuzungulira konseko n'chionetsero chongokoka mtima kuti munthu adinenso.

Achemwali anga anagamula tsiku lomwelo kuti magemu onse ndi oipa. Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe, chifukwa inenso ndinakula ndikusewera. M'masiku athu tinkapita m'tinyumba ta PlayStation ta pafupi ndi msika, n'kupereka ndalama kwa mwini wake pa mpira umodzi, ndipo mpirawo ukatha wogonja ankadzuka kuti wina akhale. Mtengo unkadziwika usanagwire padi, ndipo mwana wa bwana ndi mwana wa mlonda ankapatsidwa timu yamphamvu zofanana. Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino, pakuti ambiri tinkathawa maphunziro chifukwa cha tinyumba timeneti, koma palibe amene ankatuluka asakudziwa kuti wawononga zingati.

Kulipira pamwezi kunayambira pa maganizo ofanana ndi amenewo. Magemu oyambirira osewera anthu ambirimbiri pa intaneti, monga Ultima Online ya mu 1997 ndi EverQuest ya mu 1999, ankafuna makompyuta akuluakulu oyaka usana ndi usiku komanso antchito owasamalira, choncho makampani anaika mtengo wa pamwezi kuti zimenezi zitheke. World of Warcraft ya kampani ya Blizzard, imene inatuluka mu 2004, inkalipiritsa pafupifupi madola 15 pamwezi, ndipo pofika mu 2010 inali ndi olipira okwana 12 miliyoni. Pa dongosolo limeneli aliyense amalipira zofanana, ndipo phindu la kampani limadalira kuti inuyo musachoke. Musaganize kuti apa mulibe kuchenjera kulikonse, chifukwa kampani yofuna kuti mukhalepo mwezi wamawa imatalikitsa dala ulendo, n'kuika malire pa mphoto zimene mungapeze pa sabata imodzi kuti musamalize msanga. Komabe kuchenjera kumeneku kumalimbana ndi nthawi yanu, pamene ndalama zanu zili ndi malire amene mumawadziwa kuyambira tsiku loyamba.

Njira yaulere inakula kwambiri ku South Korea, kumene kampani ya Nexon inatulutsa MapleStory mu 2003, yolowa popanda kulipira koma yogulitsa zinthu m'kati mwake. League of Legends inatuluka mu 2009 mwa njira yomweyo, ndipo magemu ambiri olipira pamwezi anayamba kugonja mmodzimmodzi. The Lord of the Rings Online inatsegula zitseko kwaulere mu 2010, ndipo Star Wars: The Old Republic, imene inatuluka kumapeto kwa 2011 yolipiritsa pamwezi, inachita chimodzimodzi chaka chimodzi chisanathe. Mafoni atafala, nkhani inatheratu: Free Fire inabwera mu 2017, PUBG Mobile mu 2018, Call of Duty: Mobile mu 2019, ndipo ngakhale mpira wa Konami umene tinkaudziwa kuti PES unasintha dzina mu 2021 kukhala eFootball n'kusanduka waulere. Amenewa ndiwo magemu amene mumawaona m'manja mwa anyamata pa depoti, m'mahositelo a ophunzira ndi m'malo ometera tsitsi kuno ku Zomba, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti popanda njira yaulereyi ambiri a iwo sakanasewerapo ndi munthu wa dziko lina.

Koma dzifunseni kumene ndalama zimachokera ngati osewera ambiri salipira kalikonse. Zimachokera kwa anthu ochepa amene amawononga zambiri, amene makampaniwo amawatchula kuti anangumi, ndipo gemu yonse imakonzedwa poganizira iwowo. Nanga osalipirawo ntchito yawo n'chiyani? Aliyense amene anakwerapo minibasi ya ku Limbe pa depoti amawadziwa anyamata amene amakhala m'mipando kuti galimoto ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza, n'cholinga chakuti apaulendo enieni akwere. Wosewera mwaulere ali pa mpando woterowo: amadzaza bwalo kuti masewera ayambe msanga, amakhala woonerera amene wagula chovala chodula, ndipo m'magemu ena amakhala womenyedwa ndi amene wagula mphamvu. Kampani sikumuchitira chifundo pomulola kusewera, ikumugwiritsa ntchito, ndipo tsiku lililonse ikuyesa kuona ngati angasanduke wolipira.

Njira zoyesera zimenezi n'zofanana pafupifupi m'magemu onse. Choyamba, simugula chinthu ndi kwacha kapena dola mwachindunji, koma mumayamba mwagula ndalama za m'gemumo, kaya ndi madayamondi, UC kapena V-Bucks, kuti pofika pogula chovalacho mukhale mutaiwala kale mtengo wake weniweni. Ndalama zimenezi zimagulitsidwa m'mitolo imene kawirikawiri sigwirizana ndi mitengo ya zinthu, moti mumatsala ndi zina zosakwanira kugula kanthu, ndipo zotsalazo zimakuitanani kuti muwonjezere. Palinso chimene amachitcha battle pass, chimene kampani ya Valve inayambitsa m'gemu ya Dota 2 mu 2013 ndipo gemu ya Fortnite inachitchukitsa pambuyo pake. Mumalipira kamodzi pa nyengo ya milungu ingapo, koma mphotozo simulandira pokhapokha mutasewera mokwanira nyengoyo isanathe. Kwa ine kumeneku n'kulipira pamwezi kumene kwangovala zovala zina, ndipo kumaposa pamenepo chifukwa mumalipira kenako n'kugwiranso ntchito kuti mupeze zimene mwalipira kale. Mzere wolekanitsa njira ziwirizi unafufutikanso kwambiri pamene Fortnite inayambitsa Fortnite Crew kumapeto kwa 2020, yolipira mwezi uliwonse m'kati mwa gemu yaulere, pamene World of Warcraft nayo imagulitsa ziweto ndi zokwera kwa anthu amene alipira kale pamwezi.

Zonsezi ndingathe kuzipirira. Chimene sindingapirire, ndipo apa sindifewetsa mawu, ndi mabokosi amwayi ndi magudumu onga lija la pakhonde. Imeneyi ndi juga, ndipo amene amaikonza amadziwa bwino lomwe kuti ndi juga. Mu 2017 osewera anakwiya kwambiri ndi mabokosi a mu Star Wars Battlefront II mpaka kampani ya EA inayamba yaimitsa kugulitsa zinthu m'gemumo, ndipo mu 2018 bungwe loyang'anira juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi ogulidwa ndi ndalama ndi juga pansi pa malamulo a dzikolo. Dziko la China linalamula mu 2017 kuti makampani azilemba poyera mwayi wopezera mphoto iliyonse. Ku America, kampani ya Epic Games, eni ake a Fortnite, inavomera mu December 2022 kulipira madola 520 miliyoni pa milandu imene bungwe la boma la Federal Trade Commission linaiimba, ina yokhudza zinsinsi za ana, ina yokhudza mabatani okonzedwa mwanjira yakuti anthu azigula zinthu mosafuna. Kuno kwathu malo obetchera ali ponseponse ndipo timadandaula nawo tsiku ndi tsiku, koma kumeneko mwana wosakwana zaka 18 saloledwa ndi malamulo, ndipo akalowa anthu amamuona. Gudumu la mufoni limalowa mpaka kuchipinda, usiku, makolo ali m'tulo, ndipo ngakhale wopambana satuluka ndi tambala, amangotsala ndi chithunzi cha mfuti chimene chidzazimiririka tsiku limene kampani idzatseke gemuyo.

Nanga kulipira pamwezi kungatheke kuno?

Mukawerenga zonsezi mungaganize kuti ndikukuuzani kuti muthamangire kolipira pamwezi, koma mtengo umenewo unaikidwa ndi anthu amene sanaganizepo za munthu wolandira malipiro m'makwacha. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700, zimene zikutanthauza kuti madola 15 omwewo anachoka pa makwacha pafupifupi 17,700 kufika pa 25,500 usiku umodzi, kampani ya gemu isanasinthe kanthu. Onjezeranipo vuto la kusowa kwa ndalama zakunja, limene limachititsa kuti kulipira ndi khadi pa intaneti kukhale kosadalirika, ndipo ambiri amakathera kwa anyamata onga uja wa ku Chikanda, amene mtengo wa dola amaika okha. Mwezi umene mwalipira umawerengedwa kaya mwasewera kaya ayi, choncho magetsi akamazimazima kapena bandulo ikatha pakati pa mwezi, masiku amenewo apita basi.

Palinso mtunda. Magemu monga World of Warcraft ndi Final Fantasy XIV alibe maseva (makompyuta akuluakulu oyendetsa gemu aja) mu Africa, ndipo ife timalumikizana ndi a ku Ulaya, moti pakati pa kudina batani ndi kuona zotsatira zake pamakhala kuchedwa kumene kungakuphetseni pa nkhondo yofuna changu, n'kukwiyitsanso anzanu a m'gulu. Kutsitsa gemu yotere kumadya magigabayiti ambirimbiri, ndipo nthawi ndi nthawi imafuna kuwonjezera zina musanaloledwe kulowa. Imafunanso kompyuta yamphamvu ndithu, osati laputopu yolembera makalata. Ndipo chinthu chimene anthu amaiwala kuwerengera ndi anzawo: gemu ya pa intaneti imakoma chifukwa cha amene mukusewera nawo, ndiye ngati anzanu a ku Matawale atsalira pafoni, mudzakhala mukulipira madola kuti muzisewera ndi alendo amene amagona ndi kudzuka pa nthawi zawo.

Yankho langa tsono ndi lalifupi. Musalipire kalikonse panopa. Final Fantasy XIV ili ndi gawo loyesera laulere lopanda malire a masiku, limene mu 2023 analikulitsa kuti wosewera azitha kukwera mpaka pa sitepe ya level 70, ndipo n'lalikulu moti lingakutengereni miyezi ingapo, ngakhale kuti limakuletsani kugula ndi kugulitsa pa msika wa m'gemumo. Yambani ndi limenelo, muone m'mene netiweki ya kwanu ikuchitira madzulo pamene anthu ambiri ali pa intaneti, komanso kuti bandulo ikutha msanga bwanji. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: mukangogula gemuyo simungabwererenso ku gawo laulere pa akaunti imeneyo, ndipo kupatula ndalama za pamwezi mumayenera kugulanso gemu yeniyeniyo. Ngati mungasankhe kukhalabe pa magemu a pafoni, gulani chinthu chokhacho chimene mtengo wake walembedwa ndipo mukudziwa chimene mulandire, musakhudze gudumu kapena bokosi lililonse, ndipo musanadine muzisintha mtengowo kukhala makwacha pa mtengo wa dola umene wokugulirani akukulipiritsani, osati wa ku banki.